Chiliza Chimene Chimayenda

Zokolola zikatha m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, fodya atagulitsidwa ndipo chimanga chili m'nkhokwe, mabanja a ku Nachisaka ndi midzi yozungulira amayamba kukumbukira abale awo amene adatsikira kuli chete. Ena amafulula mowa wa bona, ena amaitana abusa kudzadalitsa chiliza. Mbumba yonse imasonkha, ndipo amene ali ku tauni kapena ku Joni amatumiza yawo. Mwambowu ndi wolemekezeka, pakuti mtundu woiwala akufa ake umadziiwala wokha.

Komabe pali njira ina yokumbukira imene ikuyenera kuganiziridwa: kusonkha ndalama m'dzina la malemu kuti zithandize anthu olumala amene ali moyo.

Maganizowa si achilendo. Mayi wina wa ku England, Sue Ryder, ataona mazunzo a Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, adayambitsa bungwe m'chaka cha 1953 kuti likhale chikumbutso chamoyo cha anthu amene adafa pa nkhondo. Iye sadafune mwala wosema, koma nyumba zosamalira odwala ndi olumala. Patapita zaka, ntchitoyo idafika kuno ku Malawi, m'maboma a Balaka ndi Ntcheu, kukathandiza odwala khunyu, mphumu ndi olumala ziwalo.

Chitsanzo china chili ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. M'chaka cha 1999 mnyamata wa ku Ireland, Billy Riordan, adamira m'nyanja ya Malawi. Mayi ake, a Mags Riordan, adasandutsa misozi yawo kukhala ntchito. Adapempha thandizo kwa anthu akwawo, ndipo m'chaka cha 2004 adatsegula chipatala m'mudzi wa Chembe chotchedwa dzina la mwana wawoyo.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi khumi pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wina wake. Boma lidakhazikitsa MACOHA mwa lamulo la 1971, bungwe la MAP lidayamba mu 1979 polimbana ndi mavuto a poliyo, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza ufulu wa olumala. Koma lamulo silikwera phiri. M'dziko la zitunda ndi zigwa ngati la Nachisaka, mwana wopuwala miyendo amapita ku sukulu ataberekedwa. Akakula n'kuyamba kulemera, mayi ake amalephera, ndipo maphunziro amathera pomwepo, ngakhale mwanayo ali ndi nzeru zoposa anzake.

Apa ndi pamene chikumbutso chingagwire ntchito. Banja lingathe kumanga chiliza chapakatimpakati, n'kupatula gawo la zosonkha kugulira mwana wotere njinga ya olumala kapena ndodo zoyendera. Mpingo ungakonze tsiku la makwaya m'dzina la mkulu wa mpingo amene adamwalira. Anyamata otsiriza sukulu angakonze mpikisano wa mpira pokumbukira mphunzitsi wawo, ndalama za pakhomo n'kumangira chikwero chosalala pakhomo pa kalasi, kapena chimbudzi choti mwana wapanjinga alowemo mosavuta.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba, olumala eni ake afunsidwe zimene akusowa, chifukwa njinga yoyenera msewu wa tala imathyoka msanga m'njira za miyala, ndipo njinga yosayezedwa bwino imatulutsa zilonda. N'chifukwa chake nkwabwino kudzera ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi. Chachiwiri, tambala iliyonse ilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa pamaso pa amfumu ndi anthu onse. Ndalama ya m'dzina la malemu ikasowa, manyazi amagwera malemuwo ndi mbumba yawo. Chachitatu, wolandira asaimikidwe pabwalo ngati chionetsero. Iye ndi munthu, ndipo ulemu wake ndi wofanana ndi wa wopereka.

Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Amene akuyenda bwino lero sadziwa za mawa. Aphunzitsi, amene amadziwa khomo lililonse lomwe mwana wake adaleka kubwera, ndiwo angayambitse nkhaniyi pa msonkhano wa makolo chilimwe chisanathe.