Ndani Angabvomereze m'Malo mwa Mwana wa mu Msewu?

Aliyense woyenda mu Cairo Road kapena ku msika wa Soweto mu Lusaka amawadziwa ana awa: anyamata ndi atsikana ogona m'makonde mwa masitolo, ena atagwira kabotolo ka bostik pamphuno kuti aiwale njala ndi mphepo. Anthu ophunzira amabwera kwa iwo ndi mapepala a mafunso: Unacoka liti kwanu? Amakumenya ndani? Unadwalapo matenda otani? Kufufuza kotere nkofunika, pakuti boma ndi Eklezia sizingathandize bwino anthu amene mabvuto ao sadziwika. Koma kufunsa komweko kungathe kubvulaza.

Pangano la Helsinki la 1964 linakhazikitsa kuti munthu asafufuzidwe popanda kubvomera mwaufulu atamvetsa zimene zidzacitika, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2295, aphunzitsa comweco. Mwana amabvomerezedwa ndi makolo ace. Nanga amene makolo anamwalira, kapena anathawa kwao cifukwa ca nkhanza za m'nyumba momwemo, adzamuimira ndani?

Ngakhale cilolezo ca makolo cimatha kukhala ca pakamwa cabe. Ku sukulu ya Willowbrook, mu New York, kuyambira 1956 madokotala anapatsa dala ana olemala m'maganizo kacirombo ka matenda a ciwindi kuti aone m'mene matendawo amayendera. Makolo anasaina, koma ena anatero cifukwa malo a mwana wao anapezeka m'cipinda ca kafukufukuyo mokha. Wosowa pogwira sadziwa kukana. Cimodzimodzi mwana amene sanadye dzulo: mukamuonetsa buledi, adzabvomera ciri conse.

Ncifukwa cace ofufuza oona mtima amasunga malamulo angapo. Cakudya cimaperekedwa kwa onse, oyankha ndi okana omwe. Mwana woledzera ndi bostik safunsidwa kufikira mutu wace utayera. Amamufotokozera m'cinenero cace, namuuza kuti angathe kuleka pakati popanda cilango. Dzina lace, cithunzi cace ndi malo amene amagona sizilembedwa poyera, kuopa kumuika m'manja mwa omuzunza. Ndipo asanayambe kufunsa, amakonzeratu kumene adzapereka mwana woulula kuti akudwala kapena anagwiriridwa. Pakuti kutsegula bala ndi kulisiya lapululu ndi nkhanza.

Muno m'Zambia lamulo la 2013 la National Health Research Act lifuna kuti kafukufuku wa zaumoyo ayambe waunikidwa ndi komiti yoona za cilungamo cace. Mu 2017 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inatulutsa cikalata ca ana a m'misewu, cokumbutsa maiko kuti anawa ali ndi ufulu wakumvedwa pa nkhani zokhudza moyo wao.

Inu Akristu anzanga, nkhaniyi ndi yathunso. Kawirikawiri wofufuza amafika kwa ana kudzera mwa amene anawo amawakhulupirira: asisitere, akatekisti, amai ophika phala pa parishi. Musanamutsegulire khomo, mufunseni kalata ya komiti imene inamuloleza. Mufunseni kumene mayankho adzapita, ndi phindu limene anawo adzaona. Akalephera kuyankha, mukaneni mwaulemu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene palibe kholo, mau okana m'malo mwa mwanayo ayenera kucokera kwa ife.