Dzuwa la masana limadya nkhope

Mu alubamu yanga muli chithunzi chimodzi chokha cha malemu amuna anga atanyamula mwana wathu woyamba. Tinajambulitsa pa Victoria Avenue mu Blantyre nthawi ya nkhomaliro, tikuchokera kusikelo. Malaya awo oyera akuoneka bwinobwino mpaka mabatani. Koma nkhope ayi ndithu, mdima wokhawokha. Zidzukulu zikandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndimasowa chozionetsa.

Nthawi imeneyo filimu inkatha ndi zithunzi 36, ndipo cholakwika unkachiona utalipira kale. Inu ana anga muli ndi mafoni, koma mukulakwitsabe momwemo.

Vuto si kamera. Masana dzuwa limakhala paliwombo, makamaka kumayambiriro kwa Novembala ndi Febuluwale pamene mu Blantyre munthu amachita kuponda chithunzithunzi chake. Kuwala kukachokera pamwamba, maso amalowa mumthunzi wa mphumi kapena chipewa. Komanso kamera ikaona chipupa choyera kapena thambo lowala kumbuyo, imachepetsa kuwala, ndiye khungu lathu lakudali limangothera mumdima.

Tulukani m'mawa isanakwane 8 koloko, kapena madzulo ikadutsa 4 koloko. Dzuwa likapendeka, zithunzithunzi zimatalika pamsewu, njerwa za nyumba zimafiira bwino, ndipo mukamuimika mwana kuti kuwala kumufike cham'mbali, nkhope yonse imaoneka. Ngati masana akupezani m'tauni, lowani pakhonde la sitolo, ngati makonde aja a ku Limbe, iye ayang'ane kumsewu. Pansi pa jakaranda m'pokongola, inde, koma timipata ta masamba timasiya mawangamawanga pankhope ngati mwana ali ndi zipere. Musanajambule, dinani pankhope yake pa sikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo.

Apa ndilankhule ngati namwino. Musamuuze mwana kuti ayang'ane kudzuwa mpaka misozi kulengeza chifukwa chofuna chithunzi. Kwa mwana wa khungu lachialubino ndiye nkhani yaikulu: maso ake sapirira kuwala, khungu limapsa msanga. Mujambuleni pamthunzi, chipewa chisavulidwe. Ndipo pobwerera m'mbuyo kufuna malo abwino, yang'anani kaye, minibasi siyidikira wojambula.

Inu amayi, nthawi zina mupatseni foniyo wina kuti nanunso muonekemo. Pa chithunzi chija ine mulibemo. Ndinaima pambali, nditanyamula chikwama cha matewera.