Kukonza Timu ya Mpira wa Miyendo

Anthu ambiri akamaonerera mpira wa miyendo maso awo amakhala pa munthu amene wamwetsa chigoli. Koma ntchito yaikulu imachitika maseŵera asanayambe. Mphunzitsi wa timu amayenera kuyankha mafunso atatu. Kodi aseŵere ndani? Aliyense aime pati? Nanga timuyi ikufooka pati? M'bwalo mumaloŵa anthu 11 okha, choncho kulakwitsa posankha munthu mmodzi kungathe kutayitsa chikho.

Mwa anthu 11 amenewo, mmodzi ndi goloboyi. Otsalawo amagaŵidwa m'magulu atatu: otchinga kumbuyo, oseŵera pakati ndi akutsogolo. Kagaŵidwe kameneka amakalemba m'manambala kuyambira kumbuyo, osaŵerengera goloboyi. Motero 4-2-4 atanthauza otchinga anayi, apakati aŵiri ndi akutsogolo anayi. Palibe kagaŵidwe kopanda vuto. Timu ili ngati bulangeti lalifupi: ukafunda kumutu, mapazi atsala pamphepo. Akutsogolo akachuluka, pakati pamachepa anthu. Otchinga akachuluka, zigoli zimasoŵa.

Chitsanzo chabwino cha kukonza timu ndi cha dziko la Brazil, ku South America. M'chaka cha 1950 mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse unachitikira m'dziko lomwelo. Pa maseŵera otsiriza, m'bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, Brazil inkangofunika kufanana mphamvu ndi Uruguay kuti itenge chikho, koma inagonja 2-1. Mu 1954 inagonjanso kwa Hungary 4-2. Akatswiri analipo, koma chikho sichinabwere.

Pokonzekera mpikisano wa 1958 ku Sweden, akuluakulu a mpira anayamba ndi thanzi la oseŵera. Madokotala anawapima thupi lonse, ngakhale mano omwe, ndipo odwala analandira chithandizo. Dokotala wa timu anapita ku Sweden kukasankhiratu malo abata oti anyamatawo akagone. Mphunzitsi, Vicente Feola, anasankha oseŵera 22 ndi kuwaimika mwa 4-2-4. Masiku amenewo lamulo silinkalola kusintha oseŵera mpira uli m'kati. Munthu akaloŵa m'bwalo, ankayenera kuseŵera mphindi zonse 90. Nchifukwa chake kusankha kunali nkhani yaikulu.

Brazil inayamba bwino pogonjetsa Austria 3-0. Koma pa maseŵera achiŵiri, ndi England, panalibe womwetsa chigoli. Feola anaona kuti kumbuyo kunali kolimba, koma kutsogolo kunasoŵa liŵiro. Pokumana ndi Soviet Union anasintha anthu atatu. Analoŵetsa Garrincha, wodziŵa kuzemba adani m'mbali mwa bwalo kudzanja lamanja. Analoŵetsanso Zito, wolanda mpira pakati, kuti Didi, katswiri wopatsira, apeze mpata wogaŵa mipira. Wachitatu anali Pelé, mnyamata wa zaka 17 zokha, amene anali atangochira bondo. Pelé anatenga malo a Mazzola, yemwe anali atamwetsa zigoli ziŵiri pa maseŵera oyamba aja. Kukhazika panja munthu wotere kunafuna kulimba mtima. Brazil inapambana 2-0, ndipo zigoli zonse anamwetsa Vavá.

Nanga vuto la anthu aŵiri okha pakati analithetsa bwanji? Yankho linali mwa Zagallo, amene ankaseŵera kutsogolo kudzanja lamanzere. Adani akalanda mpira, iye ankathamangira m'mbuyo kukathandiza Zito ndi Didi, ndipo pakati pankakhala anthu atatu. Anzake akaulandanso, ankabwerera kutsogolo. Ntchito imeneyi inali yotopetsa, ndipo oonerera sankaiimbira m'manja kaŵirikaŵiri, koma ndiyo inamanga timu. Pa maseŵera anayi oyamba, goloboyi Gilmar sanatole mpira muukonde ngakhale kamodzi.

Brazil inagonjetsa Wales 1-0 ndi chigoli cha Pelé, kenaka France 5-2. Pa 29 June 1958 inakumana ndi eni bwalo, a Sweden, pa maseŵera otsiriza. Apanso Feola anasintha munthu mmodzi kumbuyo: Djalma Santos, amene anali asanaseŵereko mpikisano wonsewo, analoŵa natchinga bwino lomwe. Izi zisonyeza kuti okhala panja nawonso ayenera kukhala okonzeka. Sweden ndiyo inayamba kumwetsa, koma a Brazil sanabalalike. Kaŵiri konse Garrincha anazemba mdani wake napatsira mpira pakhomo pa golo, ndipo kaŵiri konse Vavá anamwetsa. Pelé anawonjeza ziŵiri, Zagallo chimodzi. Maseŵera anatha 5-2, ndipo kaputeni Bellini ananyamula chikho choyamba cha dziko lake. Mu 1962 ku Chile, Zagallo anakhazikika pakati, timu inaima mwa 4-3-3, ndipo Brazil inatenganso chikho.

Timu yabwino siipangidwa pongosonkhanitsa akatswiri 11. Imapangidwa poika munthu aliyense pamalo pamene luso lake lithandiza anzake, ndi pokonza msanga pamene pafooka. Lero malamulo amalola kusintha oseŵera mpira uli m'kati, ndipo kagaŵidwe ka matimu kachuluka mitundu, koma mafunso atatu aja sanasinthe. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Womwetsa chigoli amadalira wopatsira, wopatsira amadalira wolanda mpira, ndipo onsewo amadalira otchinga kumbuyo.

Mafunso

1. Tchulani magulu atatu a oseŵera amene mphunzitsi amagaŵa m'bwalo.
2. Kodi manambala akuti 4-2-4 atanthauza chiyani?
3. Nchifukwa chiyani kusankha oseŵera 11 kunali kofunika kwambiri mu 1958?
4. Fotokozani ntchito imene Zagallo ankagwira adani akalanda mpira.
5. Jambulani bwalo la mpira m'makope mwanu, ndipo muimike timu ya sukulu yanu mwa 4-3-3. Perekani chifukwa chimene mwaikira mnzanu aliyense pamalo pakepo.