Injini ikazima, funsani mafuta poyamba

Dera la Chisepo, pamodzi ndi mapiri a Dowa ndi Ntchisi, lili kutali ndi gombe la nyanja ya Malawi, komabe usipa ndi utaka umene umagulitsidwa m'misika ya Mponela, Madisi ndi Ntchisi umachokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene ambiri mwa asodzi amene amauvuula amadalira injini yomangirira kumbuyo kwa boti. Injini imeneyi ndi mbale wake wa njinga yamoto ya kabaza, wa pampu yothirira mbewu kudimba ndiponso wa jenereta ya pagolosale, popeza zonsezi zimamwa petulo kudzera m'kabuleta, ndipo zonsezi zimadwala matenda amodzimodzi mafuta akadetsedwa. Chifukwa chake zimene mmisiri wa kunyanja amatsata pofufuza vuto la mafuta n'zothandizanso kwa mlimi wa ku Chisepo, ndipo injini ya boti ndiyo yoyenera kuphunzirirapo chifukwa imagwira ntchito pakati pa madzi, pamene kulakwitsa pang'ono kumaika miyoyo pachiswe.

Mfundo yaikulu ndi yakuti injini zambiri zimene eni ake amati zafa sizinafe ayi, koma zamwetsedwa mafuta oipa, ndipo vutolo limadziwika ndi maso, mphuno ndi botolo loyera munthu asanamasule bawuti ngakhale imodzi. Ndalama zambiri zimatha pogula mapulagi, makoyilo ndi makabuleta atsopano pamene gwero la vuto lili m'chigubu chimene mafuta anasungidwamo.

Kuti munthu amvetse mmene mafuta amadetsedwera, ayenera kudziwa njira imene amayenda. Dziko la Malawi lilibe doko la kunyanja yamchere, choncho petulo ndi dizilo zimalowa kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo bungwe la MERA ndilo limayang'anira malonda a mafuta m'dziko muno. Mafuta akachoka pamalo omwetsera ovomerezeka amalowa m'manja ambiri asanafike ku injini ya kumudzi kapena ya padoko, makamaka pa nthawi imene asowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira mu 2022, pamene anthu ochuluka ankagula petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu. Chigubu chimene dzulo munali madzi, mafuta ophikira kapena dizilo, lero chikathiridwa petulo chisanaume bwino, chimapatsira injini zonse zimene zinatsalira m'katimo.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa petulo wa ku Malawi ndi wa maiko ambiri oyandikana nalo. Kuyambira mu 1982 dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol, amene ndi mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale yoyamba ndi ya Ethco ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo mu 2004 inayamba ntchito ya PressCane ku Chikwawa. Kusakanizaku kumachepetsa ndalama zakunja zimene dziko limawononga, ndipo petulo wotere amayaka bwino akakhala watsopano. Khalidwe lake lovuta ndi lakuti ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya n'kuchisunga. Petulo amene gawo limodzi mwa magawo 10 ndi ethanol amatha kusunga madzi okwana pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa lita popanda kuonetsa kanthu, koma madziwo akapyola pamenepo, kapena kunja kukazizira, ethanol ndi madzi zimapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki. Popeza paipi yokoka mafuta imatunga pansi penipeni, injini imayamba kumwa madzi osakanikirana ndi ethanol, pamene petulo wotsala pamwamba amakhala atachepa mphamvu yopirira kutentha. Mu injini ya boti imene oyilo amasakanizidwa ndi petulo, vutoli limakula kawiri, chifukwa madzi a pansiwo alibe oyilo wokwanira wotetezera pisitoni ndi mabelingi.

Zodetsa mafuta zili m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi zizindikiro zake. Loyamba ndi madzi, amene amalowa ndi mvula, ndi mafunde othovokera pachitsekerero cha thanki, ndi zigubu zonyowa, komanso ndi chinyezi chimene chimasanduka madontho m'kati mwa thanki yosadzaza usiku kukazizira, monga zimachitikira m'mapiri a Ntchisi m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Injini yomwa madzi imalira modukizadukiza, imatsokomola, imazima mwadzidzidzi boti likagwedezeka, kenaka imavuta kuliza. Lachiwiri ndi zinyalala zolimba, monga fumbi, mchenga, dzimbiri la m'thanki yachitsulo ndi tizidutswa ta paipi yamphira imene yayamba kufumbutuka m'kati. Zimenezi zimatseka sefa ndi majeti, amene ndi timabowo ting'onoting'ono ta m'kabuleta toyeza kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini. Jeti yaing'ono ikatsekeka injini imakana kulira pang'onopang'ono ndipo imafuna choko nthawi zonse, pamene jeti yaikulu ikatsekeka injini imalira bwino poyamba koma imafooka akaiwonjezera moto.

Gulu lachitatu ndi petulo wokhalitsa. Petulo ndi msakanizo wa mafuta opepuka ndi olemera, ndipo akakhala miyezi ingapo m'thanki yopuma mpweya, opepukawo, amene amathandiza injini kulira ikazizira, amauluka, ndipo otsalawo amada n'kusiya phula lomata m'kabuleta. Izi zimaoneka kwambiri pa pampu zothirira zimene zimaikidwa m'nyumba mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala n'kudzatulutsidwa mu Meyi, komanso pa injini za maboti zimene zaima nthawi yaitali. Gulu lachinayi ndi mafuta achilendo, makamaka palafini kapena dizilo, amene amalowa mwangozi kapena amathiridwa dala ndi ogulitsa osakhulupirika pofuna kuchulukitsa malita. Injini ya petulo yomwa palafini imavuta kuliza m'mawa, imafuka utsi wambiri, imagogoda ikalemedwa ndipo imadetsa pulagi msanga. Kugogodako n'koopsa chifukwa kumasonyeza kuti mafuta akuphulika nthawi yake isanakwane, zimene zimatha kuboola pisitoni.

Kufufuza kwabwino kumatsata njira ya mafuta kuchokera kuthanki kupita ku injini, kuyambira pa zosavuta ndi zosalira ndalama. Funso loyamba limapita kwa mwini injini: kodi vutoli linayamba liti, ndipo mafuta omaliza anagulidwa kuti, m'chiyani? Injini imene inali bwinobwino n'kuyamba kuvuta patangopita mphindi zochepa chithirireni mafuta atsopano yaulula kale kumene kuli vuto. Kenaka mmisiri amaona kabawuti ka mpweya kamene kali pachitsekerero cha thanki ya boti, chifukwa kakakhala kotseka, mpweya sulowa m'malo mwa mafuta amene akutuluka, ndipo injini imazima ngati kuti sefa yatsekeka pamene mafutawo alibe vuto lililonse.

Chachiwiri ndi kampira kopopera kamene kali pakati pa paipi yochokera kuthanki. Kampiraka kakafinyidwa kangapo kamayenera kulimba, kusonyeza kuti mafuta adzaza mpaka m'kabuleta. Kakakana kulimba, ndiye kuti paipi ikuyamwa mpweya penapake, kapena timavavu ta m'kati mwake tatha, kapena kabuleta ikusefukira. Kakaphwa n'kukhala kophwatalala injini ikulira, ndiye kuti njira yatsekeka pakati pa iko ndi thanki, kaya ndi zinyalala pakamwa pa paipi yotunga, kaya ndi kabawuti ka mpweya kaja. Ngati injini imene ikufuna kuzima imatsitsimuka munthu akafinya kampirako, ndiye kuti mafuta sakufika okwanira, ndipo pampu ya mafuta ya pa injini ndiyo iyenera kuunikidwa.

Chachitatu, chimene chili mtima wa ntchito yonse, ndi kuyeza mafutawo m'botolo lagalasi loyera ndi louma. Mafuta amatengedwa pansi pa thanki, osati pamwamba, ndipo amasiyidwa kuti adikhe kwa mphindi 10 kapena 15 pamthunzi, kutali ndi moto ndi fodya. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi pamene lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, choncho madzi amatsikira pansi n'kupanga mzere woonekeratu. Mafuta a mbuu, osaonekera bwino, amasonyeza kuti madzi adzaza mpaka ali pafupi kupatukana. Timiyala tofiirira timene timakokedwa ndi maginito ndi dzimbiri la m'thanki, tizidutswa takuda tofewa ndi paipi imene ikutha, ndipo fungo lowawasa longa la vanishi limodzi ndi mtundu wakuda ndi chizindikiro cha petulo wokhalitsa. Pofuna kudziwa ngati muli palafini kapena dizilo, dontho la petulo amene sanathiridwe oyilo limadonthezedwa papepala loyera: petulo weniweni amauma msanga osasiya banga, pamene wosakanizidwa amachedwa kuuma ndipo amasiya banga lamafuta. Kuyeza kumeneku sikugwira ntchito pa mafuta amene asakanizidwa kale ndi oyilo wa injini ya boti, chifukwa oyiloyo amasiya banga lakelake.

Chachinayi ndi sefa ndi kabuleta. Injini zambiri za maboti, kuphatikizapo za mtundu wa Yamaha Enduro zimene n'zofala panyanja ya Malawi, zili ndi kakapu ka sefa koonekera m'kati pansi pa chivundikiro, ndipo madzi kapena zinyalala zimaonekeramo. Pansi pa kabuleta pali kabawuti kokhetsera mafuta, ndipo zimene zimatuluka pamenepo zikalandiridwa m'kachitini koyera zimasonyeza chimene injini inali kumwa pa mphindi imene inazima. Njinga yamoto, pampu ndi jenereta nazonso zili ndi kabawuti kotere. Pulagi nayo ndi mboni: yofiirira pang'ono ndi youma imasonyeza kuyaka kwabwino, yakuda ndi yonyowa imasonyeza mafuta kapena oyilo wochuluka, yoyereratu imasonyeza kuti mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha mopyola muyeso, pamene timadontho ta madzi pansonga pake sitisowa wotanthauzira.

Umboni wotsiriza umapezeka polumikiza injini ku thanki ina yoyera, ya paipi yake ndi mafuta atsopano ochokera pamalo odalirika, kabuleta itakhetsedwa. Injini ikalira bwino, mlandu uli pa thanki yakale, paipi yake kapena mafuta ake. Ikapitiriza kuvuta, ndiye kuti zinyalala zakhazikika kale m'majeti, kapena vuto lili kumbali ya moto, ndipo apa m'pamene kumasula kabuleta ndi kuyeza koyilo kumakhala ndi tanthauzo. Majeti amatsukidwa ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya wopopa, osati ndi waya kapena singano, chifukwa bowo likakula ngakhale pang'ono muyeso wa mafuta umasokonekera mpaka kalekale.

Kuchiza kumafuna kuti njira yonse iyeretsedwe nthawi imodzi. Kutsuka kabuleta n'kuibwezera pa thanki yadzimbiri n'kutaya nthawi, popeza majeti adzatsekekanso pasanathe sabata. Mafuta amene apatukana sabwereranso mwakale ngakhale atawathira mankhwala kapena petulo wina, choncho ayenera kuchotsedwa onse, ndipo asatayidwe m'nyanja, mumtsinje wa Bua kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa mafuta ochepa amaipitsa madzi ambiri. Eni zigayo ndi mathirakitala a dizilo akumbukirenso kuti madzi okhala pansi pa dizilo amameretsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga matope akuda otseka sefa, ndipo madzi amawononga msanga pampu ndi manozo a injini yotere, zimene mtengo wake ndi waukulu.

Kupewa n'kotsika mtengo kuposa zonsezi. Chigubu cha petulo chikhale cha petulo yekha, chotseka bwino ndi chosungidwa pamthunzi. Mafuta adutse pa fanulo ya sefa pothira. Thanki isasiyidwe yatheka kwa nthawi yaitali. Ndipo injini imene ikukapuma miyezi ingapo ikhetsedwe mafuta onse m'kabuleta. Pa injini ya boti, oyilo asakanizidwe motsata buku la injiniyo, ndipo pamene muyeso wake ndi 50 kwa 1, ndiye kuti mamililita 20 pa lita iliyonse, kapena theka la lita pa malita 25. Oyilo wake akhale wa injini za m'madzi, wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto.

Nkhaniyi ndi yoposa ndalama za sipeya. Njinga yamoto ikazima pamsewu wa ku Chisepo, wokwera amatsika n'kuikankha, ndipo pampu ikazima kudimba mbewu zimadikira mpaka mawa. Koma injini ikazima pakati pa nyanja usiku, m'nyengo ya mphepo ya mwera imene imawomba mwamphamvu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, boti limatembenukira mafunde cham'mbali ndipo anthu onse amene alimo amakhala pangozi. N'chifukwa chake mwini boti aliyense ayenera kuyeza mafuta ake asananyamuke padoko, ndipo mmisiri aliyense woona mtima ayenera kuonetsa mwini injini zimene zatuluka m'thanki ndi m'kabuleta asanamuuze kuti agule chipangizo chatsopano.