Nsima nayo imateteza ku HIV

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti: olimbana ndi HIV m'makomboni a ku Livingstone, monga Maramba ndi Dambwa, amalowereranji nkhani za phala ndi madimba? Poyamba nanenso ndinkaona ngati ndi nkhani ziwiri zosiyana. Koma ma ARV sapha kachilombo, amangokapanikiza ngati mwala woika pa chivundikiro cha mphika. Mayi akamamwa mosadumphitsa, kachilombo kamachepa m'magazi, ndipo n'kovuta kuti kafike kwa mwana woyamwa. Vuto n'lakuti ambiri amaopa kumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu. Njala ikalowa m'nyumba, mwala uja umasuntha. Njala yomweyo imakankhira mtsikana wamasiye kwa amuna a ndalama, makamaka m'tauni ya m'malire ngati iyi, momwe malole amagona podikira kuwoloka Zambezi.

Ena amati thandizo limabala ulesi. Ine ndikukana. Ndalama zothandizira mabanja osauka, zimene Zambia inayamba kuyesa ku Kalomo mu 2003, zinkapita kwambiri kwa agogo olera ana amasiye, anthu oti khasu linawakanika kale. Agogo otere akagula ufa ndi nyemba, mdzukulu amameza mankhwala atadya, n'kupita kusukulu.