Malamulo atatu a Newton pamsewu wa Thabwa ndi pa Shire

Anzanga a Folomu 3 ndi 4, mutu wa forces and motion ambiri amangouloweza ngati nyimbo, koma funso la MSCE likasinthidwa pang'ono basi mutu waima. Lero ndikufuna tiubwereze pogwiritsa ntchito zinthu zomwe timaziona kuno kuchigwa: minibasi yotsika Thabwa, kabaza wa pa Dyeratu ndi bwato la pa Shire. Malamulowa Isaac Newton anawasindikiza mu 1687, koma amagwirabe ntchito pamsewu wa M1 tsiku lililonse.

Lamulo loyamba likuti chinthu choima chimakhalabe choima, choyenda chimapitirira pa liwiro lomwelo molunjika, pokhapokha force ina itachikankha kapena kuchikoka. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, inu mumagwera kutsogolo. Palibe wakukankhani ayi. Galimoto yaima, koma thupi lanu likufunabe kupitirira. Imeneyo ndiye inertia, ndipo ndi chifukwa chake lamba wa pampando amapulumutsa moyo.

Lamulo lachiwiri ndi lomwe lili ndi malikisi ambiri: F = ma. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti kabaza ndi njinga yake akulemera 75 kg, ndipo mabuleki ake amapereka force ya 300 N. Ali yekha, a = 300 ÷ 75 = 4 m/s². Akanyamula munthu wa 75 kg, mass yakwana 150 kg, ndiye a = 2 m/s² yokha. Mabuleki ndi omwewo, koma njinga ikuchedwa kuima.

Tsono mtunda woimira timaupeza ndi s = v² ÷ 2a. Pa liwiro la 4 m/s, kabaza ali yekha aima atayenda 16 ÷ 8 = 2 m. Ali ndi kasitomala, 16 ÷ 4 = 4 m. Nanga akathamanga 8 m/s? Apa 64 ÷ 4 = 16 m. Mwaona? Liwiro langowirikiza kawiri, koma mtunda wawirikiza kanayi, chifukwa v ili pa square. Mbuzi ikadutsa pa mamita 10 patsogolo pake, amene amayenda 4 m/s aima bwinobwino; wa 8 m/s uja wagunda.

Pa Thabwa zimavuta kuposa apa. Pamalo otsetsereka, gawo lina la kulemera kwa galimoto limaikokera kumunsi motsatira msewu, ndiye mabuleki ayenera kulimbana ndi zonse ziwiri. Mabuleki amagwira ntchito ndi friction, ndipo friction imatulutsa kutentha. Lole yodzaza ikatsika ikuponda mabuleki njira yonse, amatentha n'kuyamba kusagwira. N'chifukwa chake madalaivala odziwa amatsika pa giya yaing'ono kuti injini iwathandize. Mvula ikagwa friction ya matayala ndi phula imachepa, mtunda woimira n'kukulanso.

Lamulo lachitatu tikalione pamtsinje. Wopalasa bwato akakankha madzi kumbuyo ndi nkhafi, madziwo amakankha nkhafiyo kutsogolo ndi force yofanana, bwato n'kuyenda. Funso lomwe limakola ambiri ndi ili: ngati ma force awiriwa ndi ofanana, bwanji sathetsana? Yankho lake: amagwira pa zinthu ziwiri zosiyana, wina pa madzi, wina pa nkhafi. Ma force amathetsana akakhala pa chinthu chimodzi. Yesani kudumpha kuchoka m'bwato losamanga kupita kumtunda: bwatolo libwerera m'mbuyo, inu n'kugwera m'madzi. Kapena ayi, musayese, ku Shire kuli ng'ona!

Polemba mayeso kumbukirani izi. Mass ili mu kg, koma weight ndi force, ili mu N, ndipo W = mg; g ndi pafupifupi 10 m/s². Jambulani chinthucho ndi mivi ya ma force onse musanawerengere. Ndipo musaiwale ma unit, malikisi amathawira pamenepo.

Nali la homuweki: ngolo ya 400 kg ikukokedwa ndi ng'ombe ndi force ya 1000 N, pomwe friction ndi 600 N. Pezani acceleration yake. Yambani ndi resultant force, kenako tidzafanizitse mayankho sabata yamawa.