Yadzaza, a kondakitala, tiyeni!

Mdzukulu wanga wa zaka 5 ali ndi otizimu, ndipo chaka chatha ukangomuuza kuti "dikira kaye", mudzi wonse umadziwa. Kulira, kudzigwetsa pansi, manja kutseka makutu. Phala likapsa ankalifuna pompo, lotentha lomwelo. Ena ankati tikumusasatitsa, ena ankanong'ona za ufiti. Bodza lokhalokha! Nkhani inali yoti nthawi sioneka. Ife tikati "posachedwa" timadziwa kuti ndi timphindi tochepa, koma iye ankamva kuti phalalo lapita, silibweranso.

Anatitsegula maso ndi mphunzitsi wina wa ana a zosowa zapadera. Anatifotokozera za TEACCH, pulogalamu imene Eric Schopler anayambitsa ndi anzake ku North Carolina, boma la kumeneko n'kuikhazikitsa mu 1972. Mfundo yake ndi yoti mwana aziona ndi maso chimene chikubwera. Ndalama zogulira zipangizo ife tinalibe. Mayi ake anadula katoni n'kujambulapo zinthu ziwiri: choyamba beseni, kenako mbale ya phala. Amalume ake analumikiza mabotolo awiri kukamwa ndi kukamwa, n'kuboola zitsekero ndi msomali, n'kuthiramo mchenga wosefa. Mchenga ukatha kutsika, phala lifike patsogolo pake, ngakhale pakhomo patafika mlendo wotani. Ukangomunamiza kamodzi, botololo sadzalikhulupiriranso. Tinayamba ndi kamchenga kochepa zedi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Lero mutamuona simungakhulupirire! Botolo amatembenuza yekha, n'kukhala phee, maso pamchenga, thupi likugwedezeka pang'ono monga amachitira akasangalala. Masiku olira alipobe, makamaka akatopa, koma m'mawa tikumwa tiyi mwamtendere.

Chimene chinkandiopsa ndi minibasi. Imeneyo ilibe wotchi, imanyamuka ikadzaza basi, ndiye mchenga ungathandize chiyani? Mayi ake, mutu wawo umagwira amenewo, anamuuza kuti aziwerenga mipando yotsala. Ku depoti ya ku Limbe mwana uja anangokhala tsonga: "Yatsala inayi." Akwera amayi a dengu la tomato: "Yatsala itatu." Anthu onse anayamba kuwerenga naye, ena akuitana okha odutsa kuti akwere. Mpando womaliza utadzaza, kondakitala anafuna kuthithikizamo munthu winanso. Wakumana nazo! Mwana anatambasula kadzanja n'kukuwa kuti, "Yadzaza, a kondakitala, tiyeni!" Minibasi yonse inafa ndi phwete, dalaivala n'kuliza injini.